Nyimbo ya chikondi chozirala: ilembedwe bwanji, ijambulidwe bwanji?

Funso lachokera kwa mchemwali wina wa ku Zingwangwa. Akuti amaimba gitala pang'ono, ali ndi laputopu ndi maikolofoni yobwereka, ndipo akufuna kupeka nyimbo ya indie pop yonena za chibwenzi chawo cha zaka zitatu chomwe sichinathe koma sichikutenthanso. Sanayambane, palibe wazembera mnzake, koma akakhala pamodzi aliyense maso amangokhala pafoni. Nyimbo yomwe alemba ili ndi kolasi yoti "wandiswera mtima, Mulungu akuone", ndipo eni akewo akuona kuti ikunama. Akufunsa kuti indie pop n'chiyani kwenikweni, nyimbo yotere imalembedwa bwanji, kodi angaijambule kunyumba, nanga mnyamatayo akaimva sadziwa kuti akunena iye?

Achemwali, khutu lanu silinakunamizeni. Kolasi imeneyo ndi ya nyimbo ina, si ya nkhani yanu ayi. Mwabwereka malaya a maliro pamene munthu akadali moyo, akungodwala chabe. Ndajambula nyimbo za anthu kwa zaka zambiri m'kachipinda kanga ku Chilomoni, ndipo vuto ili ndimakumana nalo pafupipafupi: munthu amabwera ndi nkhani yachete, koma akagwira cholembera amalemba mlandu. Tinazolowera choncho. Nyimbo zambiri zachikondi zomwe tinakula nazo zili ngati bwalo la ankhoswe. Pamakhala wodandaula, pamakhala wolakwa, kawirikawiri pamakhalanso wachitatu, ndiye omvera amakhala oweruza. Nkhani ya mapanga awiri imayenda malonda, sindikutsutsa. Koma yanuyi ilibe wolakwa, ndipo kupweteka kwake kuli pomwepo. Mukanakhala kuti munamupezerera ndi wina, bwenzi mutakwiya n'kupepukidwa. Apa mulibe womukwiyira. Nyimbo yanu ikangopeza woloza chala, yataya chinthu chimodzi chokhacho chomwe chikanaipatsa moyo.

Tiyambe ndi dzinalo, mwachidule. Indie ndi chidule cha mawu akuti independent, kutanthauza oimba omwe ankatulutsa nyimbo popanda makampani akuluakulu. Zinakula ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene timakampani ting'onoting'ono monga Rough Trade ya ku London, yomwe inayamba ngati sitolo mu 1976, ndi Postcard ya ku Glasgow tinayamba kutulutsa zimbale za achinyamata opanda ndalama. Mu 1979 kunatulukanso kachipangizo kotchedwa Portastudio, kojambula mizere inayi ya mawu pa kaseti wamba, ndipo kuyambira pamenepo chipinda chogona chinasanduka situdiyo. Mu 1986 nyuzipepala ya zoimbaimba ya NME inatulutsa kaseti yotchedwa C86, ya nyimbo 22, yomwe ambiri amaitenga ngati chizindikiro cha kaimbidwe kameneka: gitala wolira mopyapyala, mawu a munthu wamba osapukutidwa kwambiri, nyimbo yosavuta kuiloweza koma nkhani yake yamanyazi. Lero dzinali limanena kwambiri za kamvekedwe kuposa za thumba, chifukwa ena otchedwa indie ali m'makampani akuluakulu omwewo. Ine ndimaseka ndikamva mnyamata wa ku Ndirande akuti akufuna kukhala indie. Kuno ndani si indie? Pafupifupi tonse timalipira tokha situdiyo, timadzigulitsa tokha. Achikulire omwe ankakhoma banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, n'kumakaimba pamsika, anali indie dzinalo lisanatipeze. Chomwe mungatengeko kwa azunguwo si gitala wawo, koma chilolezo choimba motsitsa, ngati mukulankhula ndi munthu mmodzi amene wakhala pamphasa pomwepo.

Tsono ku mawu, komwe kuli ntchito yeniyeni. Chichewa chili ndi aneni atatu omwe ndikufuna muwalawe musanalembe chilichonse: kuzirala, kusuluka ndi kusukuluka. Moto umazirala. Chitenje chimasuluka. Ndiwo, kapena mchere uja wa m'Baibulo, zimasukuluka. Atatuwa sakunena chinthu chimodzi. Chikondi chozirala chikadali ndi khala lofiira pansi pa phulusa, munthu atakupiza chikhoza kuyakanso. Chosuluka chachapidwa kambirimbiri, chikadali cholimba, chimavalidwabe, koma maluwa ake sakuonekanso. Chosukuluka mumadyabe chifukwa cha njala. Dzifunseni kuti chanu ndi chiti, chifukwa yankho lake ndi lomwe lisankhe zithunzi zonse za m'nyimboyo. Mukasankha moto, musasakanizemo chitenje ndi mchere. Nyimbo ya mphindi zitatu imasenza chithunzi chimodzi, osati dengu lonse.

Chachiwiri chimene chinenero chathu chinatipatsa chaulere ndi timaphatikizo tiwiri: "nka" ndi "nso". Tamverani: unkandidikira. Sundidikiranso. Nyimbo yanu yonse ili pakati pa mawu awiriwa. "Nka" uja amanyamula chizolowezi chakale, zinthu zomwe zinkachitika tsiku ndi tsiku osaziwerengera, ndipo "nso" akabwera pambuyo pa kukana amatseka chitseko osachimenyetsa. Mawu amodzi akuti "sundifunsanso" ali ndi maphatikizo asanu okha, koma muli iwe, muli ine, muli funso lomwe linkafunsidwa kale, muli ndi kuleka kwake. Palinso kamchira kena, "be": ndimakudikirabe, timadyerabe mbale imodzi. Ameneyu ndi wa munthu amene sanavomereze. Vesi yoyamba ikhale ya "nka", yachiwiri ya "nso", ndipo "be" mumusunge, atuluke kamodzi kokha chakumapeto, pamene womvera sakumuyembekezera.

Musalembe mawu akuti chikondi, mtima kapena misozi m'mavesi. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati nkhanza, koma yesani. Lembani m'kope zinthu khumi zing'onozing'ono zomwe zinaleka kuchitika, zomwe simungakaziulule kwa ankhoswe chifukwa angakusekeni. Mwachitsanzo, ndikupekereni pompano:

Unkandisungira mpando wa pawindo
kuchokera ku Limbe mpaka mtauni.
Lero wakhala kutsogolo ndi dalaivala,
wandilipirira, sunacheuke.

Taonani kuti mnyamatayu sanalakwe kanthu. Walipira ndithu. Kondakitala sangaone vuto lililonse. Koma aliyense amene anakwerapo minibasi pa Chipembere Highway ali ndi munthu amene akumutaya, adziwa zomwe zachitika pakati pa Chichiri ndi Ginnery Corner. Kamawu kakuti "wandilipirira" ndi komwe kakulasa, chifukwa kakuonetsa kuti ulemu ulipobe, chomwe chachoka ndi china. Mukanalemba kuti "sunandilipirire", bwenzi tabwerera kubwalo la milandu.

Pali chida china chimene olemba m'Chingerezi alibe: kusiyana kwa iwe ndi inu. Kwathu kuno anthu okondana amatha kutchulana iwe chifukwa cha kuzolowerana, ndipo tsiku lina mmodzi akangoti "mwaswera bwanji" m'malo mwa "waswera bwanji", nyumba yonse imazizira. M'mabanja ena zimakhala mosiyana, inu ndiye wachikondi ndipo iwe amatuluka pokhapokha pakakhala mkwiyo. Inu mukudziwa momwe zilili pakati panu awiri. Mukhoza kuimba nyimbo yonse mukuti iwe, ndiye mzere womaliza n'kuti "muyende bwino". Simufunikanso kufotokoza chilichonse.

Kolasi ndiyo malo okhawo omwe mungalankhule poyera, koma ngakhale pamenepo nenani zomwe zilipo, musatemberere. Ingakhale yotere:

Sitinayambane, sitinatukwanane,
moto wangozirala tili pomwepo.

Mizere iwiri ndi yokwana. Ibwerezeni. Ndipo chenjerani ndi msampha wa kufananitsa mathero a mizere. M'Chichewa mawu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera pa a, ndiye kufananitsa mathero n'kosavuta moti sikusangalatsa khutu. Mukangotsatira zimenezo mupeza mwalemba kukonda, kudanda, kulinda, mawu akukusankhirani nkhani m'malo moti inu muwasankhe. Chimene chimagwira bwino m'chinenero chathu ndi kubwereza mutu wa mawu, monga "siti" ndi "siti" pamwambapa, ndiponso mvekero. Kamvekero kamodzi koikidwa pamalo pake, monga zii kapena phee, kamagwira ntchito ya mzere wathunthu. Kamodzi kokha. Tikachuluka nyimbo imasanduka nthano ya ana.

Mawu akakhala pansi, muwalankhule mokweza musanawaike pa gitala. Apa ndi pamene nyimbo zambiri za achinyamata athu zimagwera. Amatenga kaimbidwe komwe anamva m'nyimbo yakunja n'kukakamizamo Chichewa, mawu n'kumatuluka opindika ngati akuimba mlendo. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake. Chimakweza ndi kutsitsa liwu, n'chifukwa chake mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga timalemba mofanana koma sititchula mofanana. Komanso pothera chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani kuti "sunacheuke" mumve pomwe liwu likutsamira: pa "u", osati pa "ke". Noti yanu yaitali igwere pamenepo. Mukakoka phatikizo lomaliza, limamveka ngati mukuitana munthu amene ali kutsidya kwa Mudi. Nthawi zina n'zomwe mukufuna, makamaka m'kolasi yomaliza, koma muzichita mukudziwa. Njira yomwe ndimaphunzitsa ndi iyi: jambulani pafoni mukulankhula mavesiwo ngati mukuuza mnzanu, mumvetsere kangapo, ndiye mung'ung'udze motsatira kukwera ndi kutsika kwa kulankhulako. Theka la nyimbo limakhala lapezeka kale.

Za makodi, magwiridwe a nsambo pa gitala, sizovuta monga anthu amaopera. C, Am, F ndi G akukwanirani, ndipo ngati akukutsikirani kwambiri ikani capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pakhosi pa gitala, mukweze. Chinsinsi chili pa kuchotsa chala. Mukagwira C, tukulani chala cholozera, nsambo yachiwiri ilire yokha: ameneyo ndi Cmaj7. Pa F wamng'ono uja, siyani nsambo yoyamba yosagwira: ameneyo ndi Fmaj7. Makodi awiriwa sali achisoni ngati Am, salinso okondwa ngati C weniweni. Ali pakati, ngati kumwamba kwa Blantyre mu Julaye chiperoni chikatsika, Soche osaoneka, mvula osagwa kwenikweni koma zovala zikunyowa. Nkhani yanu imakhala nyengo imeneyo. Ngati mukufuna malo amodzi oti womvera agwire pamtima, pothera kolasi yachiwiri sinthani F akhale Fm musanabwerere ku C. Noti imodzi yokha ndiyo imatsika, ndiponso pang'ono kwambiri, koma imamveka ngati munthu wausa moyo. Ndipo pomaliza penipeni musabwerere ku C. Imani pa Fmaj7, alire mpaka atha yekha. Khutu lidikira kuti mufike kunyumba, inu osafika. Chibwenzicho sichinathe, nanga nyimbo itherenji?

Liwiro likhale pakatikati, mwina pakati pa 85 ndi 105 BPM, kutanthauza kugunda kwa biti pa mphindi imodzi. Ambiri amaganiza kuti nyimbo yachisoni iyenera kukwawa. Ayi. Ikakwawa imasanduka ya pamaliro, ndipo tanena kale kuti palibe wamwalira. Kukoma kwa indie pop n'kwakuti miyendo imatha kugwedezeka pamene mawu akupweteka, monga momwe inuyo mumadzukirabe, kusamba, kukwera minibasi, kuseka ndi anzanu kuntchito, nkhaniyo ili m'thumba.

Kujambula kunyumba n'kotheka, ndipo pa nyimbo iyi ndingakonde kunyumba kuposa situdiyo yomwe mukulipira pa ola, diso lili pawotchi. Pulogalamu yojambulira ya Audacity ndi yaulere, ya BandLab ndi yaulere ndipo imagwira ngakhale pafoni. Ngati muli ndi FL Studio, yomwe anyamata ambiri kuno amapangira mabiti, nayonso ikwanira. Mdani wanu si pulogalamu, ndi chipinda. Makoma a simenti ndi denga la malata zimabweza mawu, n'kumamveka ngati mukuimbira m'bafa. Imikani matiresi kukhoma kumbuyo kwanu, pachikani bulangete pawindo, tsegulani wadiropu ya zovala ikhale pambali. Pakamwa ndi maikolofoni patalikirane ngati chikhatho chotambasula, ndipo pakati pake ikani sokosi yopyapyala ya amayi yokungidwa pa waya wa hang'ala, kuti "p" ndi "ph" wathu uja asaphulike. Chichewa chili ndi mpweya wambiri: phulusa, khala, thumba. Popanda kasefa kameneko mudzalira pomiksa, posakaniza mawu ndi zida zonse kuti zimveke bwino pamodzi. Mu pulogalamuyo sankhani kujambula pa 44.1 kHz ndi 24-bit, ndipo liwu likakwera kwambiri lizifika pakati pa -12 ndi -6 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, lisafike pofiira. Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa mawu, kawirikawiri amakhala magetsi, omwe kuno amayenda pa 50 Hz. Zulani chaja, laputopu iyendere batire, muzimitsenso firiji. Nthawi yabwino muipeza nokha. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, madzulo ana ali pabwalo, usiku agalu, mbandakucha atambala, ndipo Lachisanu mwina tchalitchi chapafupi chili ndi mapemphero a usiku wonse.

Koma musathamangitse phokoso lonse. Chaka china m'nyengo yozizira ndinkajambula mtsikana wina nyimbo yofanana ndi yanuyi. Tinaimba kasanu ndi kawiri, zonse zoyera bwino, zonse zopanda kanthu. Magetsi anathima. Tinakhala mumdima, iye atafumbata kapu ya tiyi, akutakasa ndi supuni mosaganizira, ndipo anayamba kuimba motsitsa, poganiza kuti ndasiya kujambula. Laputopu inali ikuyendabe pa batire. Pamzere wachitatu liwu linamuthyokera pang'ono, anameza malovu, n'kupitiriza. Magetsi atabwera anandipempha kuti tibwerezenso, akuti walakwitsa. Ndinamuseweretsa zonse zisanu ndi zitatu osamuuza kuti iyi ndi iti. Anasankha ya mumdima ija, ndi kulira kwa supuni komwe. Kuyambira tsiku limenelo sindithamangira kuwongola liwu ndi Auto-Tune, pulogalamu yokonza manoti ophonya, pa nyimbo zamtunduwu. Noti imene yaphonya kwambiri ikonzeni, inde, koma kunjenjemera kuja kusiyeni.

Tsono ichi ndicho ndimachikonda kwambiri, ndipo ojambula ambiri amachichita chagada. Chizolowezi n'chakuti nyimbo iyambe yaing'ono, izikula, pomaliza zida zonse zilire pamodzi. Nyimbo ya chikondi chozirala iyende mobwerera. Yambani ndi nyumba yodzaza: gitala, bezi, ng'oma zofewa, kiyibodi pang'ono, ndipo liwu lanu mulijambule kawiri, mizere iwiriyo imvekere pamodzi ngati anthu awiri akuimba mogwirizana. Pa vesi yachiwiri chotsani kiyibodi, osalengeza. Pa kolasi yachiwiri liwu lachiwiri lija lizichedwa pang'ono, kapena liziimba mzere woyamba wokha n'kusiya. Pomwe mukufika kumapeto ng'oma zachoka, bezi yachoka, mwatsala inu ndi gitala. Womvera sadzatha kuloza pomwe chinthu chilichonse chinachokera, adzangozindikira kuti m'chipinda mwatsala munthu mmodzi. Ndi momwe zinakuchitikirani inunso, simungatchule tsiku. Reverb, kuja kubwezeka kwa mawu ngati muli m'holo, nayenso agwire ntchito yomweyo: koyambirira mukhale ndi kamlengalenga pang'ono, koma mzere womaliza ukhale wouma, wapafupi, ngati mukunong'oneza. Ambiri amathira reverb ngati mwana wapeza shuga, mawu n'kumira osamveka, chonsecho mwavutika nawo milungu itatu.

Pomiksa kumbukirani komwe nyimboyi ikamvekere. Anthu ambiri aimvera pa sipika ya foni, italowa kudzera pa WhatsApp, kapena pa kawailesi ka m'saluni. Pamenepo bezi yakuya simveka n'komwe, choncho nyimbo iime pa liwu ndi gitala. Dulani zonse za pansi pa 80 Hz pa mzere wa liwu, musakweze nyimbo mpaka kuphwanyika pofuna kupikisana ndi mabiti a m'mabala; Spotify, yomwe inafika ku Malawi mu 2021, imasalaza kukwera kwa nyimbo kufika cha pa -14 LUFS, womwe ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, ndiye kukuwa sikukupindulirani kanthu. Sungani WAV yanu, fayilo ya nyimboyo yosapanikizidwa, pamalo awiri. Mukafuna kuiika pa Spotify ndi anzake mudutsira kwa ogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, koma musawerengere ndalama za kumeneko msanga: kuyambira 2024 nyimbo imayenera kumveredwa ka 1,000 pa miyezi 12 kuti iyambe kubweretsa kanthu pa Spotify. Chofunika kwambiri kuno kwathu n'kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, kuti ikamaseweredwa pa wailesi dzina lanu likhale m'kaundula. Ndipo ngati mnzanu wakuimbirani bezi kapena wakuthandizani kolasi, gwirizanani za magawo papepala nyimbo isanatuluke, mukadali kuseka.

Latsala funso lanu lomaliza, loti kodi mnyamatayo adziwa. Adziwa, achemwali. Ngakhale mutasintha Limbe kukhala Lunzu, mpando wa pawindo uja aukumbukira. Chomwe mungachite n'kumuteteza kwa anthu ena: dzina lake lisalowemo, ntchito yake isalowemo, chilichonse chomwe anzake a kumpira angamuzindikire nacho chichotseni, ndipo zomwe anakuuzani mwachinsinsi si zanu zoti muimbe. Koma iyeyo asaimve koyamba pa status ya munthu wina. Mukamaliza kumiksa, isanapite kulikonse, mumuitane, mumupatse mahedifoni, inu mutuluke panja mukatenge madzi. Mphindi zitatu ndi theka zikatha mubwerere. Mwina mudzamupeza wabwerera pafoni yake, mwina mudzamupeza wayambiranso nyimboyo kuchokera pachiyambi.